Kampani imene inavala dzina la inzake: mbiri ya The Learning Company

Ngati munaphunzirako kutaipa pa kasukulu kena ka makompyuta m'tauni zaka za m'ma 2000 zikungoyamba, mwina munakumana nawo mayi aja ovala bwino, omwetulira, a Mavis Beacon, amene ankakuwerengerani mawu amene mwataipa pa mphindi imodzi. Mayiwo sanakhaleko n'komwe. Dzinalo linali lopeka, ndipo nkhope ya pabokosi inali ya munthu amene anangopatsidwa ganyu yojambulitsa. Koma kampani imene inkagulitsa pulogalamuyi mu 1999 inalipodi, ndipo inali yaikulu moti pa ogulitsa mapulogalamu a makompyuta a pakhomo ku America inkaposedwa ndi Microsoft yokha. Dzina lake linali The Learning Company. Mu May chaka chimenecho, Mattel, eni chidole cha Barbie, anaigula ndi masheya okwana madola pafupifupi 3.6 biliyoni. Pofika October 2000 anali ataipereka kwa ena osalandira ngakhale khobidi limodzi pa tsiku losainirana.

M'masukulu a zamalonda nkhaniyi amaikamba ngati chitsanzo cha kugula mopusa, ndipo sanama. Koma amaiyambira pamaliro. Chimene chimasowa n'chakuti kampani imene Mattel inagula sinali ija inayambitsidwa ndi aphunzitsi mu 1980. Inali kampani ina, ya mtima wina, imene inagula kampani ya aphunzitsiyo, kuivula dzina, n'kulivala yokha. Makolo ankaona chikwangwani chakale pakhomo, osadziwa kuti m'nyumbamo munalowa kale alendo.

The Learning Company yeniyeniyo inayambira ku California, kufupi ndi Palo Alto. Mwini maganizo anali Ann McCormick, amene poyamba anali sisitere wa Chikatolika ndipo anaphunzitsako ana a m'mabanja osauka mumzinda wa Buffalo. Zimene anaona kumeneko, ana akukwera makalasi koma kuwerenga kukuwakanika, n'zimene zinamukankhira ku maphunziro apamwamba a mmene mwana amaphunzirira. Atapeza kompyuta ya Apple II ndi thandizo la ndalama kuchokera ku National Science Foundation, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa sayansi, anasonkhanitsa anzake atatu: Leslie Grimm, Teri Perl amene anali katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu, ndi Warren Robinett. Robinett ameneyu ndi uja anachoka ku Atari atabisa dzina lake m'kachipinda kachinsinsi m'masewera a Adventure, chifukwa kampaniyo inkakana kulemba mayina a anthu opanga masewera ake.

Kuti timvetse chimene chinadzatayika, tione kaye pulogalamu imodzi, Rocky's Boots, ya mu 1982. Mwana amapatsidwa nsapato imene imamenya chinthu ikalandira moto wamagetsi. Kutsogolo kwake kumadutsa zinthu za maonekedwe ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo ntchito ya mwanayo ndi kulumikiza mawaya kuti nsapatoyo izimenya zokhazo zimene wauzidwa, tinene zofiira zimene sizili zozungulira. Pakati pa mawayawo amaikapo tizipata titatu. Ka AND kamatulutsa moto pokhapokha mawaya onse awiri olowa ali ndi moto. Ka OR kamakhutira ndi waya mmodzi. Ka NOT kamatembenuza: moto ukalowa sikatulutsa, ukasowa kamatulutsa. Moto woyenda m'mawayawo umaoneka ndi maso pasikirini, choncho mwana akalakwitsa amaona yekha pamene zasokonekera. Tizipata titatu timeneti ndi maziko a kompyuta iliyonse, zinthu zimene anthu amakaphunzira ku yunivesite, koma apa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ankazigwira akuganiza kuti akungosewera. Panalibe mphunzitsi womukalipira, panalibenso cholembera chofiira.

Ndalama zenizeni, komabe, zinabwera ndi kalulu. Reader Rabbit, amene Leslie Grimm anapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ankaphunzitsa ana aang'ono zilembo ndi timawu tifupitifupi. Sanali Kalulu wathu wa m'nthano wopusitsa njovu uja; uyu anali wofatsa, wa sukulu. Pambuyo pake kunabwera masewera a Super Solvers, monga Midnight Rescue mu 1989, momwe mwana amayenera kuwerenga ndime n'kuimvetsa kuti agwire chigawenga, ndi Treasure Mountain mu 1990. Kapangidwe kake kanali kodekha. Pulogalamu imodzi inkatha kudya chaka kapena kuposerapo, ikuyesedwa pa ana enieni, aphunzitsi akupereka maganizo, n'kubwerera kukakonzedwa. Ikatuluka inkagulitsidwa madola 40 kapena 50, ndipo makolo ankalipira chifukwa ankakhulupirira dzinalo. McCormick ndi Robinett anachoka m'zaka za m'ma 1980 momwemo, kampani n'kugwera m'manja mwa oyendetsa malonda, koma mwambo wa kapangidwewu unatsala. Mu 1992 inalowa pamsika wa masheya, likulu lake lili ku Fremont.

Kutali ndi California, m'chigawo chozizira cha Minnesota, kunali kukukula chinthu china chachilendo kwambiri: kampani ya mapulogalamu imene mwini wake anali boma. Kampaniyi, Minnesota Educational Computing Consortium kapena mwachidule MECC, inakhazikitsidwa mu 1973 ndi nyumba ya malamulo ya chigawocho kuti masukulu onse, a m'tauni ndi a kumudzi, apeze mwayi wogwiritsa ntchito kompyuta. Nthawi imeneyo kompyuta inali chimakina chimodzi chachikulu, masukulu n'kumalumikizana nacho kudzera pa lamya ndi makina onga taipilaita amene ankasindikiza mayankho papepala.

Pa makina oterowo m'pamene panabadwira The Oregon Trail. Mu 1971, anyamata atatu a ku Carleton College amene anali pa maphunziro oyeserera uphunzitsi ku Minneapolis, Don Rawitsch, Bill Heinemann ndi Paul Dillenberger, anapanga masewerawa m'masabata awiri kuti Rawitsch aphunzitsire mbiri ya Azungu amene ankasamukira kumadzulo kwa America pa ngolo za ng'ombe m'zaka za m'ma 1840. Mwana amagula ng'ombe, chakudya, zovala ndi zipolopolo, n'kuuyamba ulendo. M'njira ngolo imathyoka, mtsinje umakokolola katundu, wina m'banjamo amamwalira ndi kamwazi. Teremu itatha, Rawitsch anasindikiza pulogalamu yonseyo pa chimpukutu cha pepala, n'kuifufuta pakompyuta ya sukulu. Atalembedwa ntchito ku MECC mu 1974 anatulutsa chimpukutu chija, n'kuitaipanso mzere ndi mzere.

Zinthu ziwiri zimene MECC inachita zinasintha masukulu a dziko lonse la America. Mu 1978 inasankha Apple II kukhala kompyuta ya masukulu a Minnesota n'kuitanitsa 500 nthawi imodzi, pamene Apple inali kakampani kakang'ono. Ubale wa Apple ndi masukulu unazika mizu pamenepo. Chachiwiri ndi kagulitsidwe. M'malo mogulitsa disiki imodziimodzi, MECC inkauza oyang'anira masukulu a dera kuti alipire ndalama ya umembala pachaka, kenako akopere madisiki ambiri mmene angafunire. Mphunzitsi sankaopa kuti akuba. N'chifukwa chake mbadwo wonse wa ana a ku America unakula ukusewera The Oregon Trail ndi Number Munchers.

Tikamaona lero ana a sitandade 1 ndi 2 m'masukulu ena a ku Malawi akuphunzira masamu ndi kuwerenga m'Chichewa pa matabuleti, ndi mapulogalamu a bungwe la onebillion la ku Britain, funso limene MECC inayankha mwa njira yake likadali lamoyo: pulogalamu ya m'kalasi mwini wake akhale ndani, ndipo izilipiridwa bwanji? Ku Minnesota yankho linasintha pang'onopang'ono. Mu 1991 boma la chigawocho linagulitsa MECC kwa gulu la oika ndalama m'mabizinesi lotchedwa North American Fund II pa madola 5.25 miliyoni. Nambala imeneyi muisunge.

Yachitatu pa makampani okondedwawa inali Broderbund, ya abale awiri Doug ndi Gary Carlston, imene inayamba mu 1980. Dzinali linachokera m'masewera ena a Doug momwe munali gulu la amalonda lotchedwa Broederbond, liwu la Chiafrikaans. Anasintha kalembedwe kuti asafanane ndi gulu lachinsinsi la Mabunu la ku South Africa lija. Ndiwo anatulutsa The Print Shop, Prince of Persia, Myst, ndi Where in the World Is Carmen Sandiego? ya mu 1985, imene inkabwera ndi chibuku cha World Almanac m'bokosi momwemo kuti mwana azifufuza mbendera ndi ndalama za mayiko pothamangitsa mbava.

Tsopano mlendo uja. SoftKey inayambira m'chipinda chapansi pa nyumba ku Toronto, ku Canada, mu 1986. Mmodzi wa oyambitsa anali Kevin O'Leary, amene lero dziko limamudziwa pa pulogalamu ya pa TV ya Shark Tank. O'Leary sanali mphunzitsi, sanalinso wolemba mapulogalamu. Anagwirako ntchito ku Nabisco, kumbali ya chakudya cha amphaka, ndipo iye mwini amakonda kunena kuti zamalonda anaziphunzirira kumeneko. Phunzirolo n'losavuta: nyama yake ndi yomweyo, chimene umasintha ndi kakomedwe ndi chikuto cha chitini, ndipo wopambana ndi amene wadzaza shelefu. Pamodzi ndi Michael Perik, amene anadzakhala mkulu wa kampaniyo, anatenga nzeru imeneyi n'kuiika pa mapulogalamu. SoftKey inkagulitsa zithunzi zokongoletsera makalata, makalenda, mitundu ya zilembo, ngakhalenso kalenda ya pakompyuta ya atsikana ovala zosambira ya magazini ya Sports Illustrated. Mu 1994 inaphatikizana ndi WordStar ndi Spinnaker Software, n'kukhazikika ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts.

Pano tiyenera kuima pang'ono, chifukwa O'Leary anaona chinthu choona chimene aphunzitsi aja sanafune kuchiona. CD itabwera, kudinda kope imodzi kunatsika mtengo kwambiri. Ndalama zonse zili pa kupanga pulogalamu koyamba; ikangotha, kope iliyonse yowonjezera imakhala ngati yaulere. Nthawi yomweyo makompyuta anali akulowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo anthu wambawo sankapita ku sitolo ya makompyuta. Ankagula ku Walmart, ku masitolo a zipangizo za muofesi, ku zimasitolo za katundu wambiri, komwe mayi akukankha ngolo ya zogula sangatulutse madola 50 pa kabokosi kamene sakukadziwa, koma madola 10 atha kutulutsa osaganiza kawiri. SoftKey inachotsa bokosi lalikulu ndi buku la malangizo, n'kusiya CD m'kachikuto kake kapulasitiki pa choikapo chozungulira pafupi ndi polipirira.

Masitolo akuluakuluwo ali ndi malamulo awo. Safuna kuchita ndi ogulitsa makumi asanu. Amafuna atatu kapena anayi amene angadzaze mashelefu onse. Amafuna uwalipire kuti katundu wako aikidwe pooneka. Ndipo chofunika kwambiri pa nkhani yathu, amafuna ufulu wobweza katundu amene sanagulidwe. M'dziko lotere kampani yaing'ono ya mapulogalamu abwino khumi ilibe mawu. Mawu ali ndi amene ali ndi mapulogalamu mazana. SoftKey mashelefu inali nawo. Chimene inalibe ndi mayina amene makolo amawakhulupirira. Ndiye inapita kukawagula.

Mu 1995 The Learning Company ndi Broderbund anali atagwirizana kale zophatikizana, ukwati umene aliyense ankauona kuti ndi woyenerana. SoftKey inalowerera osaitanidwa. Inapita mwachindunji kwa eni masheya ndi mtengo wokwera, wa ndalama zenizeni, akuluakulu a The Learning Company akukana. Nkhaniyo inafika mpaka kukhoti ku Delaware. Broderbund inayesa kukweza mtengo wake koma inagonja, ndipo mu December SoftKey inatenga kampaniyo pa madola 606 miliyoni, kuposa kakhumi ndalama zimene kampaniyo inkalowetsa pachaka. M'miyezi yomweyo inagwirizana zogula MECC ndi masheya a madola pafupifupi 370 miliyoni. Kumbukirani kuti boma la Minnesota linali litaigulitsa pa 5.25 miliyoni zaka zinayi zokha m'mbuyomo. Inatenganso Compton's NewMedia, eni insaikulopediya ya pa CD. Mu October 1996, SoftKey inasiya dzina lake n'kuyamba kudzitcha The Learning Company.

Kuyambira pamenepo kudya sikunaime. Creative Wonders, imene inali ndi mapulogalamu a Sesame Street, inalowa. Mu 1998 inagula Mindscape kwa Pearson pa madola 150 miliyoni, ndipo ndi mmene a Mavis Beacon anafikira pakhomopo. Chaka chomwecho inameza Broderbund yomwe ija anapikisana nayo, pa masheya a madola oposa 400 miliyoni, ndipo pasanapite nthawi anthu pafupifupi 500 a kumeneko anachotsedwa ntchito. Maofesi a MECC ku Minnesota anatsekedwa mu 1999.

Kodi kampani imene sinali kupanga phindu inkagula bwanji zonsezi? Mbali ina ndi ngongole, koma makamaka ndi masheya ake omwe. Zimayenda chonchi. Ukagula kampani, ndalama zimene iyo imalowetsa zimawerengedwa ngati zako, choncho chaka chino ukuoneka kuti wakula kuposa chatha. Oika ndalama akaona kukula amakweza mtengo wa masheya ako. Masheya okwera mtengowo ndiwo ndalama yogulira kampani yotsatira. Pa kampani iliyonse yogulidwa umachotsa ogulitsa, a maakaunti ndi ambiri mwa opanga mapulogalamu, chifukwa ntchito zawo ukuti uli nazo kale, n'kutenga mapulogalamu awo akale kuwaika m'zikuto zatsopano, kuwamanga anayi kapena asanu m'bokosi limodzi, kuwatsitsa mtengo. Ndalama zogulira makampanizo zimalembedwa padera ngati zotayika za kamodzi kokha, n'kuuza anthu kuti asaziyang'ane, ayang'ane phindu la ntchito ya tsiku ndi tsiku. Koma za kamodzi kokhazo zinkabwera chaka ndi chaka. Kuphatikiza zaka za 1996, 1997 ndi 1998, mabuku a kampaniyi anaonetsa kuluza kwa madola pafupifupi biliyoni imodzi.

Gudumu lotere limayenda pokhapokha kutsogolo kuli kampani ina yoti igulidwe. Broderbund itamezedwa, zazikulu zinali zitatha. Davidson & Associates ya Math Blaster ndi Knowledge Adventure ya JumpStart zinali kale m'manja mwa CUC, imene inadzakhala Cendant n'kugwa m'chinyengo chake cha mabuku a ndalama mu 1998. Edmark inali itagulidwa ndi IBM. Ichi chakoma ichi chakoma chinali chitafika pothera nthambi. Chotsala chinali kupeza wina wamkulu woti agule zonsezo.

Tisanamizire kuti m'zaka zimenezi simunatuluke kanthu kabwino. The ClueFinders, ya ana a makalasi apakati, inatuluka mu 1998 ndipo amene anaisewera amaikumbukirabe. Munali anthu aluso amene anatsala n'kumalimbikira. Koma mtengo ukatsika kuchoka pa madola 50 kufika pa 10 kapena 20, palibe kampani, ngakhale yopikisana nayo, imene ingathenso kulipira gulu la anthu kwa chaka chathunthu kuti liyese pulogalamu imodzi pa ana. Chimene SoftKey inapha si makampani okha amene inagula. Inapha mtengo umene unkalola kuti ntchito yodekha ija ichitike.

Mattel inabwera ndi njala yakeyake. Mkulu wake, Jill Barad, anali mmodzi mwa amayi ochepa kwambiri oyendetsa makampani akuluakulu a ku America, ndipo udindowo anaupeza moyenera: ndiye anakweza malonda a Barbie kuchoka pa madola mamiliyoni mazana ochepa kufika pafupi ndi mabiliyoni awiri pachaka. Koma pofika 1998 malonda a Barbie anali atayamba kuzilala, sitolo ya Toys "R" Us inali ikuchepetsa katundu woitanitsa, ndipo atsikana ankasiya zidole akadali aang'ono n'kuthamangira kompyuta. Mattel inali italawako kukoma kwa CD ndi Barbie Fashion Designer ya mu 1996, imene inagulidwa modabwitsa. Inalinso nyengo imene kampani iliyonse yokhudzana ndi kompyuta kapena intaneti inkaoneka ngati mgodi. Mu December 1998 analengeza kuti agula The Learning Company, pa mtengo woposa kanayi ndalama zimene inkalowetsa pachaka. Panali akatswiri ofufuza mabuku a makampani amene anachenjeza poyera kuti manambala ake ali ndi mafunso. Mattel inapitirira.

Chikomekome cha mkuyu. Mu October 1999, patangotha miyezi isanu, Mattel inauza eni masheya kuti gawo latsopanoli, limene ankayembekeza kuti libweretsa phindu la madola 50 miliyoni m'miyezi itatu, laluza. Manambala atatsekedwa, kuluzako kunali madola 105 miliyoni. Zifukwa zimene zinaperekedwa zinali katundu wobwezedwa ndi masitolo, ngongole zimene sizikanabwezedwanso, ndi ndalama zambiri zotsatsira malonda.

Katundu wobwezedwayu ndiye mtima wa mlandu umene unatsatira, ndipo n'chinthu chimene aliyense amene anagulitsapo pa oda angachimve. Tiyerekeze kuti muli ndi fakitale ya sopo. Mwezi ukutha ndipo mukufuna mabuku aoneke bwino. Mukupita kwa eni magolosale n'kuwauza kuti, tengani makatoni makumi awiri m'malo mwa asanu, mudzalipira mukagulitsa, otsala mudzabweza. Iwo sakana, sakutaya kanthu. Inu m'buku mukulemba kuti mwagulitsa makatoni makumi awiri. Koma anthu a m'deralo sanayambe kusamba kanayi patsiku. Mwezi wotsatira, kuti manambala asagwe, muyenera kukankha ochulukirapo, mpaka tsiku limene magalimoto adzayamba kubwerera odzaza. Eni masheya amene anasumira Mattel ananena kuti izi n'zimene zinkachitika ku The Learning Company, ndiponso kuti akuluakulu anabisa mmene zinthu zinalili. O'Leary wakhala akukana, n'kumaloza kugwa kwa msika wa zaukadaulo ndi kusamvana kwa kayendetsedwe ka makampani awiriwo. Mlanduwo sunafike poweruzidwa. Mattel inavomera kulipira madola 122 miliyoni kuti nkhani ithe.

O'Leary ndi Perik anachoka mu November 1999, aliyense ndi ndalama zake zotsanzikira. Barad anatula pansi udindo mu February 2000, masheya a Mattel atatsika kuchoka pa madola oposa 40 mu 1998 kufika cha m'ma 10. Nayenso sanachoke chimanjamanja. Zimene analandira zinali mamiliyoni makumi angapo, ndipo zinakwiyitsa eni masheya. Wolowa m'malo mwake, Robert Eckert wochokera ku Kraft, anapeza gawoli likutaya pafupifupi madola miliyoni imodzi tsiku lililonse. Sanafune kulichiritsa. Analipereka kwa Gores Technology Group, akatswiri ogula makampani odwala, pa mgwirizano wakuti Mattel idzalandirako gawo la phindu ngati lidzapezeke. Zimene Mattel inadzatolera pamapeto pake zinali madola pafupifupi 27 miliyoni, msonkho utachotsedwa.

N'kosavuta kuloza chala munthu mmodzi, makamaka munthu amene lero amakhala pa TV n'kumauza achinyamata kuti bizinesi yawo ndi yachabechabe. Ine ndikuona kuti mlandu wake ndi weniweni koma si wonse. Nthaka inali ikugumuka kale pansi pa msika wonsewo. Intaneti inabweretsa masewera a ana aulere pa masamba a mawayilesi a kanema. LeapFrog inatulutsa LeapPad mu 1999, buku lolankhula limene mwana amanyamula yekha popanda kupempha kompyuta ya bambo. Masukulu anayamba kufuna mapulogalamu okonzekeretsa ana mayeso a boma, osati a ngolo zowoloka mitsinje. Malonda a mapulogalamu ophunzitsa m'masitolo a ku America anatsika kuchoka pa madola 498 miliyoni mu 2000 kufika pa 152 miliyoni mu 2004. Ngakhale ukwati wa Broderbund ndi The Learning Company ukanatheka, mphepo imeneyi ikanawapeza. Kusiyana kwake n'kwakuti ikanapeza anthu odziwa kupanga zinthu ali pamodzi, mwina n'kupeza njira yolowera m'nyengo yatsopanoyo. M'malo mwake inapeza nkhokwe ya mayina, opanga ake atabalalika kale.

Ndipo mayinawo ndi amene anapitiriza ulendo. Gores inagawa nyamayo mwachangu. Mu 2001 gawo la masewera osangalatsa linapita ku Ubisoft ya ku France, ndipo ndi mmene Prince of Persia anapezera moyo wachiwiri. Gawo la maphunziro linagulidwa ndi Riverdeep, kampani ya ku Ireland yotsogoleredwa ndi Barry O'Callaghan, pa madola pafupifupi 60 miliyoni, ndipo chaka chotsatira Riverdeep inatenganso Broderbund. Chodabwitsa n'chakuti Riverdeep inayenda njira yomweyo ya SoftKey, koma ndi ngongole zazikulu kuposa. Mu 2006 inagula Houghton Mifflin, kampani yakale ya mabuku a sukulu ya ku Boston yoiposa kukula kangapo, mu 2007 n'kuwonjezera Harcourt pa madola 4 biliyoni, ndipo nayonso inasiya dzina lake n'kuvala la ogulidwawo. Ngongolezo zinafikitsa Houghton Mifflin Harcourt kukhoti la olephera kubweza ngongole mu 2012. Inatulukako, koma The Learning Company inali itasanduka kachizindikiro chabe kosindikiza pa zikuto, ndipo kenaka kanazimiririka popanda mwambo wa maliro.

Mu 2021 Houghton Mifflin Harcourt inagulitsa gawo lake la mabuku owerenga wamba kwa HarperCollins pa madola 349 miliyoni, ndipo umwini wa Carmen Sandiego ndi The Oregon Trail unapita nawo limodzi. Carmen anali atabwerera kale ngati katuni pa Netflix mu 2019. The Oregon Trail yatsopano inapangidwa ndi Gameloft mu 2021. Zoombinis, masewera a kaganizidwe amene Broderbund inatulutsa mu 1996, anabwerera kwa amene anawapanga, bungwe la zamaphunziro la TERC, limene linapempha thandizo la ndalama kwa anthu amene anawasewera ali ana n'kuwatulutsanso mu 2015. Zikalata ndi madisiki a Broderbund ndi MECC zikusungidwa ku nyumba ya zakale ya The Strong ku Rochester, m'chigawo cha New York, ndipo mapulogalamu akale ambiri munthu atha kuwasewera pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losunga zinthu zakale.

The Oregon Trail inagulidwa makope oposa 65 miliyoni. Inadutsa m'manja mwa boma la Minnesota, North American Fund II, SoftKey, Mattel, Gores, Riverdeep, Houghton Mifflin Harcourt ndi HarperCollins. Rawitsch, Heinemann ndi Dillenberger, amene anailemba m'kachipinda ka pasukulu mu 1971, sanalandirepo gawo pa makope amenewo. Rawitsch ankalandira malipiro ake a pamwezi ku MECC; Heinemann ndi Dillenberger anapitiriza ntchito zawo kwina, ndipo kwa zaka zambiri anthu ochepa okha ndi amene ankadziwa kuti masewerawo anawayamba ndi iwo.